Timibulu Tofiira

Mwezi wa Juni kuno ku Tsangano
chisanu chimaluma ngati uli nacho ngongole.
Ndinatsekula zenera la mankhwala
mashelefu ali pululu,
sabata yachitatu galimoto ya ku boma osaoneka.

A Nandau anafika atagwira m'chiuno,
dothi la kudimba likadali m'zikhadabo.
Msanawu, anatero. Usiku ndikumagona chokhala.
Ndipatseni tofiira tija ta chaka chatha.

Tofiira tija tinali titatha kalekale.
M'katoni ya pansi munatsala mavitamini okha,
ofiira nawonso.
Ndinawagoneka pabenchi,
chala changa chikusaka pamene ululu wamanga msasa.
Ndinafunsa za matumba a kachewere amene amasenza mpaka kumsewu,
za Lekeleni wawo wa ku Joni amene anasiya kuimba foni,
kenaka ndinawerengera timibulu khumi ndi tinayi m'kapepala:
kamodzi m'mawa, kamodzi pogona.
Sindinaname.
Zoona sindinanenenso.

Lachinayi linalo anatulukira ataongoka ngati mlongoti,
dengu la kachewere pamutu, ati ndi langa.
Adokotala, mankhwala aja ndi moto!
Kachewereyo ndinadya ndi mchere
koma ankaima pakhosi.

Anachiza msana uja ndani?

Taonani chala changa chachikuluchi.
Chikwakwa chinachidya ndili sitandade sikisi.
Palibe anasoka.
Magazi anagwirana okha n'kutseka khomo,
nkhanambo inafolera denga,
ndipo pansi pake amisiri opanda maina
ankaluka mnofu usiku ine ndili mkonono,
osapempha malipiro, osandidzutsa.
Anangosiya kachipsera aka
kuti ndidziwe kuti anadutsapo.

Mwina thupi lili ndi kabati yakeyake ya mankhwala,
koma kiyi nthawi zina
imakhala m'thumba la munthu wina,
wovala zoyera, wonena kuti mupeza bwino
ndi mawu osanjenjemera.
Mwinanso msanawo unkangofuna masiku,
ndipo masikuwo anafika limodzi ndi timibulu tanga
ngati alendo awiri okwera minibasi imodzi.

Koma ndisakunamizeni.
Mwezi womwewo anabwera naye Mwayiwawo,
wazaka zitatu, thupi ngati mbaula,
maso atatembenuka.
Chikhulupiriro cha mayi ake
chikanatha kusuntha phiri la Mvai,
koma tizilombo ta malungo tilibe makutu.
Sitimva mawu okoma,
sitisiyanitsa chofiira ndi choyera.
Tinam'kulunga m'bulangete,
njinga yamoto inalira kutsetsereka ku Ntcheu,
ndipo chinam'bweza ndi mankhwala enieni m'mitsempha,
dontho ndi dontho mpaka mbandakucha.
Chiyembekezo chimapepuza katundu,
koma fupa lothyoka limafuna chikhakha.

Tsiku la msika ndinawapeza a Nandau
akuunjika kachewere m'ndowa.
Ndinaulula. Mawu ankatuluka ngati ndikulavula mchenga.
Aja sanali a msana ai.

Anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenaka anaseka mpaka kugwira bondo langa.
Ndiye mukuti ndinachira ndi bodza?
Ndinati sindikudziwa, mayi.
Mabuku amati ululu umamvera mtima nthawi zina,
koma si zonse zimene umamvera.

Iwo anapukuta manja pachitenje.
Chaka chonsechi, anatero,
ndani wina anandigwirapo pamsana
n'kundifunsa kuti pakupweteka ndi pati?

Ndinagula ndowa imodzi.
Anaikapo awiri a basela,
n'kundiuza kuti galimoto ikabwera
ndiwasungire tofiira tenitenito,
poti mvula ikagwa matumba adzalemeranso.

Ndinakwera chitunda kubwerera kuchipatala,
ndowa paphewa, mphepo ya ku Mozambiki m'makutu,
chala chachipsera chija
chitagwira chogwirira chachitsulo
osamva kuwawa.